Njinga yoyendera misewu yafumbi ya ku Mangochi: mugule iti?

Anthu opalasa njinga pofuna kulimbitsa thupi kapena kuona dziko akuchulukirachulukira. Ambiri akatopa ndi kulimbirana phula ndi maminibasi pa msewu wa ku Liwonde kapena wa ku Monkey Bay amayamba kusirira tinjira tafumbi tolowera kumidzi, ndipo kuno ku Mangochi tinjira timeneti sitisowa. Chovuta ndi kusankha njinga, poti wogulitsa aliyense amati yakeyo ndiye yolimba. Ine ndimaona kuti dzina lolembedwa pa felemu lili ndi ntchito yochepa. Zofunika ndi kunenepa kwa tayala, kupepuka kwa giya yokwerera chitunda, ndiponso ngati wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango pa Lungwena kapena kwa Katuli angaikwanitse ikakuthyokerani kanthu.

Yambani mwadziwa kumene mudzayende

Boma la Mangochi lili ndi nthaka zosiyana kwambiri, moti njinga yokoma dera lina imakulemetsani dera lina.

Kunsi kuno, m'mbali mwa Shire, nyanja ya Malombe ndi nyanja ya Malawi, dziko ndi lathyathyathya, mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja yamchere. Zitunda n'zochepa koma mchenga ndi wambiri. Msewu wa ku Makanjira, wodzera ku Malindi ndi Lungwena, ndi wa makilomita pafupifupi 100, ndipo mitsinje yotsika m'mapiri a Namizimu imaudula malo ambiri. M'chilimwe mitsinjeyi imasiya mchenga wofewa womeza tayala lopyapyala, m'dzinja imakokolola milatho. Pamene magalimoto adutsapo kwambiri msewu umachita timizere topingasa ngati lata la padenga. Timizere timeneti ndi timene timamasula mabawuti ndi kuthyola masipoko.

Mukaoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kulunjika ku Chiponde, msewu umakwera mokhotakhota pa Chowe mpaka kukafika kumtunda kwa Namwera. Kumeneko n'kozizirirapo, dothi ndi la katondo, ndipo dziko limangokwera n'kutsika pakati pa minda ya chimanga ndi fodya. Kwa ine kumeneku ndiye kokoma kupalasa m'boma lonse lino: mukwera pang'ono, mutsetsereka, muoloka kamtsinje, mukweranso. Kumbukirani kuti nkhalango ya Mangochi yakhala m'manja mwa African Parks, bungwe losamalira malo osungirako nyama zakutchire limene limayang'aniranso paki ya Liwonde, kuyambira 2018, ndipo muli njovu. Si malo odulira njira mwachisawawa.

Kumadzulo, cha ku Chilipa, Phirilongwe ndi kwa Nankumba, n'kouma, kwamiyala, kwa milambe ndi mithethe. Kumeneko mdani wa tayala ndi minga.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Mu Okutobala ndi Novembala kunsi kuno kutentha kumapitirira madigiri 35, ndiye madzi akumwa amakhala katundu wamkulu wa paulendo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi makande a m'madambo amamatirira pa tayala mpaka wilo kukana kuzungulira. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwera umaomba kuchokera kummwera: umakukankhani popita ku Makanjira kapena ku Monkey Bay, koma pobwerera mumalimbana nawo njira yonse.

Zoyezera njinga

Choyamba ndi tayala. Pa mchenga tayala lonenepa limayenda pamwamba, lopyapyala limakumba. Losafika mamilimita 40 m'lifupi lidzakutsitsani kawirikawiri kugombe. La mamilimita 50 kapena kuposa, limene pambali pake amalemba 2.0 kapena 2.1, limadutsa malo ambiri mukaliphwetsako mpweya pang'ono.

Chachiwiri ndi giya. Njira yosavuta yoyerekezera ndi kuona mtunda umene njinga imayenda mapedulo akazungulira kamodzi. Njinga yakuda ya akabaza, ya mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo imayenda mamita oposa 5. Mountain bike mukaiika pa mano 22 kutsogolo ndi 32 kumbuyo imayenda mamita osakwana 1.5. Ndiye chifukwa chake wina amakwera Chowe atakhala pa chishalo mnzake akukankha.

Chachitatu ndi saizi ya wilo, ndipo apa anthu ambiri amataya ndalama. Matayala awiri akhoza kulembedwa 26 onse koma osalowa pa limu imodzi. Yang'anani manambala ena ang'onoang'ono pambali pa tayala, monga 54-559. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu. Ikakhala 559 ndi 26 ya mountain bike. Ikakhala 590 ndi 26 x 1 3/8 imene imapezeka pa njinga zambiri za ku Japan zokhala ndi basiketi kutsogolo. Njinga yakuda ya 28 x 1 1/2 ndi 635, pomwe 700C ndi 29 zonse ndi 622, ngakhale ena amazilembanso 28. Ya 27.5 ndi 584. M'misika ya kumidzi kuno, 635 ndi 559 ndi zimene mungazipeze osavutika.

Njinga iliyonse m'munsimu ndaiyeza pa mtengo, kupezeka kwake, kusamalira ndi zoopsa zake. Mitengo ndaiyerekeza pakati pa njinga ndi njinga inzake, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa katundu wochokera kunja sukhalitsa pamodzi.

Njinga yakuda ya akabaza

Iyi ndi ija ya Hero, Avon, Neelam, Phoenix kapena Humber: yachitsulo, giya imodzi, mabuleki a timitengo tachitsulo, kulemera makilogalamu pafupifupi 20.

Mtengo. Pa njinga zatsopano zoti n'kukhalitsa, iyi ndiye yotsika. Koma ya m'shopu siikhala yokonzeka. Akabaza akagula amayamba asinthitsa masipoko a kumbuyo n'kuika onenepa, kuwotcheretsa keliyala yolimba, ndipo mapedulo obwera nayo sachedwa kuthyoka. Ndalama ya zimenezi muiwerengeretu.

Kupezeka. Pa Boma, pa Namwera, pa Monkey Bay, ngakhale tsiku la msika pa malo ang'onoang'ono, zipangizo zake zimakhala zitayalidwa pa saka: tcheni, filiwilo, kotapini, ekiselo, mavaluvu, timphira ta buleki. Palibe njinga ina yofanana nayo pa mbali imeneyi.

Kusamalira. Imani pa wokonza njinga aliyense muone mmene amagwirira. Njinga amaigoneka chagada, chubu amachisolola mbali imodzi osamasula wilo, n'kumachimiza pang'onopang'ono m'beseni la madzi mpaka pamene patuluke thovu. Pabowopo amasomekapo kamtengo ka machesi kuti pasasowe, amapala ndi mwala kapena kachidutswa ka sowo, amadula chigamba pa chubu chakale, amapaka sulushoni n'kudikira kuti iume kaye asanamate. Asanabwezeretse amayendetsa chala m'kati mwa tayala kufufuza munga umene walasa. Mmisiri ameneyu njinga yakuda amaidziwa bawuti iliyonse, ndipo felemu ikang'aluka wowotcherera mageti ndi mawindo amailumikiza tsiku lomwelo. Chokhacho mumuletse ndi kuthira oyilo wakutha wa galimoto pa tcheni mochuluka. Oyilo ameneyu amagwira mchenga, ndipo mchengawo umadya tcheni ndi mano. Pang'ono pokha, kenako apukute ndi sanza.

Zoopsa. Mabuleki ake ndi ofooka. Limu yachitsulo ikanyowa timphira timangotererapo, ndipo kutsika Chowe mvula itagwa, malole akubwera m'makona, si chinthu choyesera. Giya imodziyo ndi yolemera pa zitunda za ku Namwera. Mukhoza kuipepuza poika filiwilo ya mano 22 n'kuwonjezera tcheni pang'ono, mtunda wa kuzungulira kumodzi n'kutsika kufika mamita pafupifupi 4.5. Zimathandiza ndithu, koma zitunda zazitali mudzakankhabe. Tayala lake ndi la mamilimita pafupifupi 40, lokwanira pa katondo wouma, lochepa pa mchenga wa kugombe.

Buffalo

Njinga iyi anaikonza a World Bicycle Relief, bungwe limene linayamba mu 2005, ndipo cholinga chake ndi kunyamula katundu pa misewu yoipa kwa zaka zambiri. Azaumoyo a m'midzi, alangizi ndi ana asukulu ambiri amayendera imeneyi.

Mtengo. Imadula kuposa njinga yakuda, koma imabwera yokonzeka. Masipoko ndi onenepa kale, ndipo keliyala yake anaipangira katundu wofika makilogalamu 100. Mukawerengera zimene mukanasinthitsa pa yakuda ija, kusiyana kumachepa.

Kupezeka. Imagulitsidwa m'mashopu akeake m'matauni angapo m'dziko muno, ndipo zipangizo zake zenizeni zimapezeka komweko. Musanagule, dziwani shopu imene ili pafupi ndi kwanu ndi mtengo wa thiransipoti yokafikako, chifukwa tsiku lina mudzafuna kanthu ka m'habu kamene sikapezeka pa saka pamsika.

Kusamalira. Ntchito ndi yochepa zedi. Ilibe mawaya a magiya, ndipo buleki ya kumbuyo ili m'kati mwa habu, imagwira mukapondereza mapedulo chobwerera. Fumbi ndi matope sizifikako msanga. Chofunika ndi kuona kuti tcheni ndi chokoka bwino ndi kuthira girisi m'habu pa nthawi yake.

Zoopsa. Ndi yolemera, imapitirira makilogalamu 20 isanasenze kanthu. Pa chigwa simumva, koma pa zitunda thupi limadziwa. Buleki ya m'habu imatentha mukaigwiritsa mosalekeza pa mtsetse wautali, ndipo ikatentha kwambiri girisi amasungunuka mphamvu n'kuchepa. Komanso tcheni chikagwa muli pa liwiro buleki imeneyi sigwira. Ngati yanu ilibe buleki ya kutsogolo, ikitsani musanapite nayo kumapiri. Mu 2024 anatulutsa mtundu wina wa magiya awiri wokhala ndi matcheni awiri, umene umapepuza chitunda, koma ngakhale umenewo ndi njinga yantchito. Wofuna kuthamanga makilomita 80 Loweruka sadzasangalala nayo.

Mountain bike ya kaunjika

Apa ndikhalitsapo, chifukwa kwa anthu ambiri ofuna kuyenda m'tinjira ta kumidzi yankho lili pano, komanso ndi pano pamene munthu amapusitsidwa mosavuta. Ndikunena njinga zakale zochokera ku Ulaya, ku America, ku Japan kapena ku Joni, za mayina monga Trek, Giant, Specialized, Raleigh ndi Scott. Yabwino kwambiri kuno ndi ya mawilo a 26, mabuleki ogwira pa limu, magiya 7 kapena 8 kumbuyo ndi atatu kutsogolo, foloko yopanda shoko. Zambiri zotere zinapangidwa m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000. Kwawoko amaziona ngati zachikale, koma pa misewu yathu ndi zimene zimakwana.

Mtengo. Palibe mtengo umodzi. Yotopa ikhoza kutsika kuposa njinga yakuda yatsopano, yosamalika ya dzina lodziwika imakwera kuposa Buffalo. Chilichonse chimene mwagwirizana, sungani ndalama ina ya tcheni, mawaya, timphira ta buleki ndi matayala, pakuti kawirikawiri zimenezi zimakhala zitatha.

Kupezeka. Zimabwera mwa apo ndi apo. Pa Boma zimapezeka, koma kuti musankhe bwino mungafunike kufika ku Zomba, ku Limbe kapena ku Lilongwe. Achinyamata ambiri a kuno ali ku Joni, ndipo njinga zambiri zabwino zimabwera pa ngolo za onyamula katundu wa kumeneko. Ngati mukutuma m'bale wanu, muuzeni msinkhu wanu ndipo atumize chithunzi cha manambala a pa tayala asanalipire. Njinga yaikulu kapena yaing'ono kuposa thupi lanu idzakupwetekani msana ndi mawondo ngakhale itakhala ya dzina lotani.

Pogula musamayang'ane penti. Yendetsani chala pamene mapaipi a felemu amakumana, makamaka kuseri kwa handulo ndi pansi pa mapedulo, kufufuza mng'alu. Masulani chishalo muone ngati chikukwera ndi kutsika. Chikakhala chitagwirana ndi felemu chifukwa cha dzimbiri, isiyeni. Zungulitsani wilo lililonse muone ngati likuyenda mowongoka, kenako ligwedezeni cham'mbali: likamachita khokhokho ndiye kuti mabering'i kapena ekiselo zatha. Gwirani m'mbali mwa limu pamene buleki imakhudza. Pakakhala polowa m'kati, limuyo yadyeka ndipo tsiku lina idzang'ambika. Kokani tcheni kutsogolo kwa giya yaikulu ya pamapedulo: chikanyamuka mpaka dzino kuonekera, chatha, ndipo mwina chadyanso mano a kumbuyo. Pomaliza lembani nambala ya felemu, imene nthawi zambiri imakhala pansi pa mapedulo, ndipo wogulitsa akupatseni lisiti kapena kalata yokhala ndi mboni. Njinga zakuba zimagulitsidwa, ndipo apolisi akaipeza ndi inu mudzataya njinga ndi ndalama zomwe.

Kusamalira. Matayala ndi machubu a 26 ali ponseponse. Tcheni cha magiya 6, 7 ndi 8 n'chimodzimodzi, ndipo pa Boma chimapezeka. Valuvu yake nthawi zambiri ndi yofanana ndi ya galimoto, moti mpweya mungathire ngakhale kwa okonza njinga zamoto. Chimene amisiri ena a kumudzi sachidziwa bwino ndi kutchuna magiya. Chosinthira magiya chikangovuta, ena amafulumira kuchichotsa n'kudula tcheni kuti ikhale ya giya imodzi. Imeneyi ndi njira yabwino yofikira kunyumba, koma musalole kuti ikhale choncho mpaka kalekale, chifukwa magiyawo ndi amene munagulira njingayo. Phunzirani nokha ntchito ya tizisikuluwu tiwiri tolembedwa H ndi L ndi kakokedwe ka waya. Si zovuta.

Ku minga ya ku Chilipa, njira ya akabaza imathandiza: dulani chubu chakale m'litali n'kuchiyala m'kati mwa tayala musanaike chubu chabwino. Njinga imalemerako pang'ono koma kuponcha kumachepa. Pa mchenga phwetsani tayala mpaka lizibonyeka mukalisindikiza ndi chala chachikulu, koma mukafika pamiyala popaninso. Tayala lofewa likamenya mwala, limu imatsina chubu n'kuboola mabowo awiri oyandikana.

Zoopsa. Felemu ya aluminiyamu ikang'aluka wowotcherera wamba saikwanitsa, ndiye ngati mwapeza yachitsulo yosachita dzimbiri m'kati, tengani imeneyo. Foloko ya shoko yakale nthawi zambiri imakhala itauma, imangowonjezera kulemera. Zokhala ndi filiwilo yomangira ngati bawuti zimapinda ekiselo ya kumbuyo mukazisenzetsa katundu wambiri pa msewu wa mabampu, choncho musaisandutse ya kabaza. M'makande, chosinthira magiya cha kumbuyo chimadzaza matope, ndipo mukakakamiza kupalasa chimalowa m'masipoko n'kuthyoka. Mukamva kulemera, tsikani muchotse matope ndi kamtengo.

Mountain bike yatsopano yotchipa, ya masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo

Izi ndi zonyezimira zimene zimapachikidwa m'mashopu a katundu wosiyanasiyana.

Mtengo. Woyandikana ndi wa kaunjika yabwino, nthawi zina wotsikirapo.

Kupezeka. N'zosavuta kupeza, ndipo matayala ake ambiri ndi a 26.

Kusamalira. Ntchito yake siitha. Zogwirira buleki ndi zosinthira magiya ndi zapulasitiki kapena zachitsulo chofewa, mukatchuna lero mawa zasokonekera. Polumikizira sipuling'i ya kumbuyo pakayamba kugwedera palibe chosinthira.

Zoopsa. Ndi yolemera ngati yakuda koma yosalimba ngati yakuda, sipuling'i imamwa mphamvu zanu pokwera chitunda, ndipo keliyala yeniyeni ilibe pomangira. Mwana azizungulira nayo pakhomo. Pa ulendo wa kumidzi sindingakulangizeni.

Njinga ya gravel

Iyi ndi imene mumaiona pa Facebook ndi YouTube: handulo yopindikira pansi ngati ya mpikisano, matayala a 700C onenepa mamilimita 38 mpaka 45, mabuleki a disiki, kulemera makilogalamu 9 mpaka 11. Anaipangira misewu yafumbi, ndipo makampani aakulu anailowa mwamphamvu, moti Shimano inatulutsa magiya akeake a njinga zimenezi otchedwa GRX mu 2019. Pa katondo wouma wa ku Namwera palibe ina yoposa iyi kukoma. Imathamanga pa phula, imapepuka pa chitunda, ndipo handulo yake imakulolani kuwerama mukamalimbana ndi mwera.

Mtengo. Yatsopano yoyambira imagulidwa cha m'ma 1,000 dollars a ku America kunjako, musanaonjezere thiransipoti ndi msonkho wa pachipata. Yogwiritsidwapo kale ntchito ya ku Joni imatsikirapo, komabe ndalama yake mungagulire njinga zakuda zingapo.

Kupezeka. Muyenera kuitanitsa kapena kudikira wina amene akugulitsa yake ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Tayala la 700C lonenepa, tcheni cha magiya 11 kapena 12, ndi timapadi ta buleki ya disiki musayembekezere kuzipeza pa Makanjira. Eni njinga zotere amasunga shopu yawoyawo kunyumba.

Kusamalira. Mmisiri ndinu nokha. Mabuleki amafuta amafuna mafuta akeake: a Shimano amafuna mineral oil, ambiri a SRAM amafuna DOT, ndipo mukasokoneza mumaononga timphira ta m'kati. A waya ndi osavuta, ndipo kuno ndi amene ndingasankhe. Matayala opanda chubu, othira madzi oyera omata m'kati, amatseka okha mabowo a minga, chimene chili chabwino zedi kwa Nankumba. Koma kutentha kwa kuno kumaumitsa madziwo m'miyezi iwiri kapena itatu, ndiye muzikhala ndi botolo lowonjezera ndi chubu m'thumba. Valuvu yake ndi yopyapyala ya Presta, imene mapampu ena a kumudzi saigwira. Kadapitala kake, kolumikizira valuvuyi ku pampu wamba, n'kakang'ono, kasamachoke m'chikwama. Muitanitsiretunso kachitsulo kamene chosinthira magiya chimapachikidwapo. Anakapanga kofewa dala kuti kazithyoka m'malo mwa felemu, ndipo felemu iliyonse ili ndi kake.

Zoopsa. Pa mchenga wakuya tayala la mamilimita 40 limagonja kwa mountain bike ya kaunjika. Zambiri giya yake yotsikitsitsa imayenda mamita pafupifupi 2 pa kuzungulira kumodzi, yokwanira kwa munthu wolimba wopanda katundu, yolemera mukasenza zikwama ndi madzi. Felemu ya kaboni ikamenyedwa ndi mwala kapena kupanikizidwa pansi pa matumba pa lole ya matola, ikhoza kung'aluka m'kati osaonekera kunja, ndipo palibe woiwotcherera. Ndi njinganso yokopa maso. Pogona muzilowa nayo m'chipinda.

Iti ikuyenera ndani

Ngati mumakhala kunsi kuno ndipo njinga yomweyo ndi yopitira kumunda, kuchigayo ndi kukagula usipa kugombe, ulendo wosangalala n'kukhala wa Lamlungu masana okha, tengani yakuda. Ikitsani masipoko onenepa ndi filiwilo ya mano 22, ndipo musatsike nayo phiri kukunyowa.

Ngati ntchito yanu ndi yoyendera midzi tsiku ndi tsiku mutasenza mabuku, mankhwala kapena mbewu, ndipo simufuna kumangokhalira kwa amisiri, Buffalo ikubwezerani ndalama yanu. Wa kumtunda kwa Namwera ndi kwa Katuli aganizire kawiri za kulemera kwake, ndipo aikitse buleki ya kutsogolo.

Ngati cholinga ndi kupalasa kwenikweni, lero ku Malindi, sabata yamawa kukwera Chowe n'kukazungulira kumtunda, tsiku lina ku Chembe kudzera m'zitunda za paki ya Lake Malawi, gulani mountain bike ya kaunjika ya 26 yopanda shoko. Ndalama yotsalayo ipite ku matayala abwino a 2.1, keliyala, helemeti, pampu ndi magetsi a kutsogolo ndi kumbuyo. Imeneyi ndi imene ndingauze mng'ono wanga kuti agule. Ndi yomweyonso yoyenera ulendo wogonera wa ku Makanjira, chifukwa ikavuta panjira tayala ndi chubu mupeza, ndipo imanyamula malita anayi kapena asanu a madzi osadandaula. Madzi amenewa ndi ofunika, poti mijigo ina ya kufupi ndi nyanja madzi ake ndi amchere. Dziwaninso kuti Lachisanu masana amisiri ambiri a m'madera amenewa amakhala ku mzikiti, ndiye chigamba, sulushoni ndi masipanala zikhale zanuzanu.

Kwa amayi ovala chitenje kapena siketi yaitali, felemu yotsika pakati imathandiza kukwera ndi kutsika msanga njinga ikatitimira mumchenga. Mountain bike zotere zimapezeka pa kaunjika, ndipo n'zabwino kuposa za ku Japan za basiketi zija, zimene tayala lake la 590 ndi lopyapyala komanso losowa kumidzi.

Gravel ndi ya munthu amene wapalasa kale zaka, amadziwa kukonza yekha, ali ndi njira yodalirika yoitanitsira zipangizo, ndipo maulendo ake ambiri ndi osakaniza phula ndi katondo wouma pakati pa Meyi ndi Okutobala. Asankhe ya felemu yachitsulo kapena ya aluminiyamu, mabuleki a waya, ndi malo olowa tayala la mamilimita 45 kapena kuposa.

Mlendo wobwera kunyanja masiku awiri kapena atatu asagule kanthu. Abwereke pamalo pamene wagona kapena agwirizane ndi wa kabaza mtengo wa tsiku lonse, ayese mabuleki onse awiri asanachoke, akweze chishalo kufika poti mwendo uziwongoka, ndipo anyamuke kusanatenthe kuti pofika 10 koloko akhale akubwerera.